Aphungu a pa Khonde la a Assumane

Uthenga unabwera ndi woyendetsa galimoto ya malasha amene anaima pa Mualadze, kumene a Silvestre ankakhala, kuti amwe madzi: a Assumane a ku Zóbuè agwa m'kantini mwawo, mbali ya kumanja yafa, ndipo pakamwa pawo sipakutulukanso mawu. A Silvestre anamva zimenezi khasu lili paphewa. Anathokoza mwaulemu, nalowa m'nyumba, nakhala pansi osasamba n'komwe.

Kale, mgodi usanameze mudzi wawo wa kufupi ndi Chipanga, anthu awiriwa anali mizati ya khonde limodzi. A Assumane, Msilamu wogulitsa mchere, sopo ndi nsalu, anali ndi radiyo yaikulu imene ankaikhazika pa thumba la mpunga masiku amene Nyumba ya Malamulo inkakumana ku Maputo. Aphungu ankalankhula Chipwitikizi, ndipo ambiri pamudzipo ankangotolapo mawu apa ndi apo ngati nkhuku pamtondo. A Silvestre, amene anaphunzira ku mishoni, ndiwo ankamasulira. Sankasiya kanthu: phungu akakalipa iwonso ankakalipa, akanyoza iwonso ankapinda mlomo.

Pakhondepo panali mipando iwiri yaitali yoyang'anizana, imene ankaitcha bankada monga a ku Maputo amatchulira mbali zawo. Umodzi unali wa okhulupirira kuti nyumbayo imagwirira ntchito anthu, ndipo mtsogoleri wawo anali a Silvestre. Winawo unali wa okayika, motsogozedwa ndi mwini kantini. Radiyo ikazimitsidwa, oumba njerwa ndi alimi ankasanduka aphungu.

“Wolemekezeka phungu wa mchere sanamvetse,” ankatero a Silvestre.

“Ndamvetsa ndithu, wolemekezeka phungu wa katekisimu,” ankayankha a Assumane. “Alonjeza mlatho. Mtsinjewo abweretsa chaka chamawa.”

Panalinso lamulo limene aliyense ankalisunga. Munthu akakwiya natuluka, monga ankamvera kuti aphungu enieni amachitira, sankapondanso pakhondepo kufikira mwini khonde atamuitana ndi dzina. Linali lamulo lokoma, pakuti wokwiya ankasunga ulemu wake, ndipo m'mawa mwake a Assumane ankangofuula kutsidya kwa msewu kuti tiyi akuzizira.

Kenaka kunabwera nkhani yosamuka. A Silvestre anaimirira nanena motsimikiza kuti nyumba ya ku Maputo singalole kuti minda, mauvuni a njerwa ndi manda a makolo zichoke anthu asanamvedwe. A Assumane anawayang'ana nthawi yaitali.

“Achimwene, mwamasulira mawu awo zaka zonsezi mpaka mwayamba kuganiza kuti akukudziwani.”

Khonde lonse linaseka, ngakhale a bankada yawo yomwe. A Silvestre anatola chipewa natuluka. M'mawa mwake anadikira, koma kutsidya kunali zii. A Assumane anali atapita ku Zóbuè kukafuna malo kwa abale a akazi awo, ndipo atabwerako anali otanganidwa ndi kumanga katundu. Posakhalitsa magalimoto osamutsa anthu anafika. A Assumane anakwera kumapiri a ku Zóbuè, a Silvestre anatsitsidwa pa Mualadze. Zaka zinapita. A Silvestre ankamvabe radiyo ali okha, namasulira chamumtima, koma ku Zóbuè sanapite, chifukwa munthu wosaitanidwa sabwerera. Tsopano pakamwa pokhapo pamene pakanawaitana panali patatsekeka.

A Silvestre anakwera chapa, minibasi ya m'mawa. Ku Zóbuè kunali mphepo yozizira, magalimoto akuluakulu atandanda kudikira chipata cha malire, amayi akugulitsa mbatata ndi kabichi m'mphepete mwa msewu. Kantiniyo sinawavute kupeza. Pakhonde panali mipando iwiri yaitali yopanda munthu. Anyamata anali pansi pa mtengo, aliyense atawerama pa foni yake. Pakona panali a Assumane, atafunda bulangete, kofia itapendekeka pamutu, radiyo ili pambali pawo yosatsegula.

A Silvestre anafika m'mphepete mwa khonde naima. Mapazi anakana kukwera.

Mayi Chafia, akazi a a Assumane, anatuluka ndi beseni m'manja. Anawazindikira nthawi yomweyo.

“Alamu, mwakalamba. Nanga mwaimiranji padzuwa ngati wapolisi wa pamalire?”

“Sindinaitanidwe, mlamu.”

“Mukadali kunja kuyambira tsiku lija?”

“Lamulo limati mwini khonde aitane.”

Mayiwo anatula beseni pansi nagwira m'chiuno. “Inu amuna mumandidabwitsa. Awa zaka zonsezi akhala akunena kuti akaitane bwanji munthu ku khonde limene linagumulidwa kale. Inu uko mukuti simunaitanidwe. Ndiuzeni, ophunzira inu: ku Maputo kwanuko, wa pampando akadwala, nyumba imafa?”

“Ayi. Wachiwiri wake amakhalapo.”

“Nanga khonde lino amalisesa ndani? Amalizira ndani? Wa pampandoyu amamusambitsa ndani?” Anakweza mawu kotero kuti anyamata aja anadzutsa mitu. “A Silvestre, kwerani. Mwatulukapo mokwanira.”

A Silvestre anayang'ana mnzawo. Diso la a Assumane linali pa iwo, ndipo chibwano chinatsika pang'ono. A Silvestre anavula chipewa nakwera.

Anakhala pafupi ndi wodwalayo, pa bankada ya okayika, nagwira dzanja lamoyolo. Linali lopepuka ngati phesi louma. Mawu amene anawakonza m'njira monse anatuluka movutikira.

“Achimwene, munanena zoona. Ndakhala ndikumvetsera zaka zonsezi. Dzina la mudzi wathu sindinalimve. Mwina analitchula tsiku limene mabatire anandithera, sindidziwa. Koma minda ya ku Mualadze ndi miyala, madzi ndi akutali, ndipo anzathu a pakhonde ambiri tinawaika m'dothi lachilendo. Ndabwera kudzakhala mbali yanu.”

Ankayembekezera kuti mnzawo akondwa. Koma a Assumane anasolola dzanja lawo. Nkhope inachita tsinya mbali imodzi, ndipo pakhosi panatuluka kubuula kwaukali. Anamenya bondo la a Silvestre, kenaka analoza mpando wa kutsidya.

“Akumva kuwawa?” anafunsa a Silvestre mwamantha.

“Kuwawa kwanji?” anatero Mayi Chafia. “Ovomereza ali nawo ambiri. Ana amawavomera, ine ndimawavomera, asing'anga a kuchipatala amawavomera. Chiyambire kudwala palibe wawatsutsapo. Ndiye inu mwachoka ku Mualadze konse kudzawonjezera chiwerengero?”

A Silvestre anaimirira, nawoloka khonde, nakhala pa mpando winawo, msana uli chilili. Mayi Chafia anatsegula radiyo. Nyumba inali ikukumana, ndipo phungu wina ankalankhula za misewu ya m'maboma. A Silvestre anakonza kukhosi nayamba kumasulira. Mawu awo anali atachepa mphamvu, koma sanaphonye chiganizo. Phunguyo atakhala pansi, iwo anatukula chala.

“Ndikuti wolemekezekayu walankhula zanzeru. Nyumba iyi ili ndi zofooka zake, koma dziko lopanda nyumba yotere ndi msika wopanda muyeso. Msewu umenewu umangidwa.”

Polankhulapo sanathe kudziwa ngati ankanama kapena ngati mbali ina ya mtima wawo inali isanasamuke. A Assumane anapukusa mutu mwamphamvu mpaka kofia inagwa, namenya mpando ndi chikhatho, malovu akutsika pakona pa mlomo. Mayi Chafia anawerama kuti awapukute, koma wodwalayo anawakankhira kumbali, chifukwa ankawatchinga kuona wotsutsana nawo.

“Musandidule mawu, achimwene,” anatero a Silvestre. “Nthawi yanga sinathe.”