Maola Awiri M'chipinda cha Apongozi

"Kiyi ndiye sindipereka," anatero alamu ake, achemwali a mwamuna wake, osachotsa maso pa makapu amene ankapukuta. "Mayi sanathe n'komwe sabata m'manda, inu mwayamba kale kuyeza chipinda chawo?"

"Sindikuyeza chipinda, alamu. Ndikupempha maola awiri basi, Lachisanu m'mawa."

"Maola awiri oti mukadinedine mabatani. Mayeso sathawa. Mudzalemba mwezi wamawa."

Mabatani ndilo linali dzina lake m'nyumbamo. Anamupatsa ndi apongozi ake, malemu a Sisitala, amene anagwira unamwino zaka makumi atatu, n'kupuma ntchito koma osapumitsa pakamwa. "Ntchito yanji yosatulutsa thukuta?" ankatero akamuona atawerama pa laputopu. Dzinalo linamukakamira moti ngakhale mwamuna wake ankaiwala n'kumuitana choncho.

Ntchito yakeyo inali yolemba mapulogalamu a pakompyuta pa kampani ina yaing'ono, koma anali asanalembedwe kwenikweni. Abwana ake ananena poyera kuti mwezi uno ukamatha satifiketi ikhale pa tebulo pawo, apo ayi malowo apereka kwa wina. Mayeso a satifiketiyo amalembera pa intaneti, woyang'anira akukuonera pa kamera, ndipo malamulo ake ndi ouma: chipinda chotseka, tebulo lopanda kanthu, munthu wina asalowe, asamveke n'komwe. Mabatani anali atasuntha kale tsiku kawiri, koyamba apongozi atagonekedwa m'chipatala, kachiwiri atapita ku opaleshoni. Kachitatu salola.

Ku ofesi sikukanatheka, anthu khumi ndi awiri amakhala m'chipinda chimodzi. Kunyumba nako abale anali adakali thothotho. Pabalaza panali matilesi, m'chipinda chake munkagona azakhali atatu ndi khanda, ndipo loko wa chitsekocho anathyoka kalekale. Chipinda chokhacho chokhala ndi tebulo ndi chitseko chenicheni chinali cha a Sisitala. Alamu ake, mwana woyamba wa malemu, anafika kuchokera kutali mayi awo atatsikira kale kuli chete, ndipo chinthu choyamba chimene anachita n'kukhoma chipindacho, kiyi n'kumangirira m'khosi.

Mabatani anakadandaula kwa mwamuna wake, amene anamupeza kuseri akupinda mipando yobwereka.

"Tawauzeni achemwali anu, bambo. Ine sakundimva."

"Tiona," anatero mwamunayo.

"Muona liti? Lero ndi Lachitatu."

"Mtima wawo sunakhazikike. Ndikawalankhula pano ndiye kuti ndayatsa moto."

"Ndiye moto uyake pa ine?"

Mwamunayo anapinda mpando wina mosamala kwambiri, ngati mpandowo ndi umene unafunsa funso. Anali munthu wabwino, koma ubwino wake unali wa mtundu uja wodikira kuti nkhani ife yokha. Mabatani anapsa mtima, ndipo chinamupweteka kwambiri n'chakuti m'nyumba ya maliro munthu suloledwa n'komwe kumenyetsa chitseko.

Anawerenga mobera. Foni ankaiimika pa zenera la kukhitchini, manja ali m'thovu, maso ali pa mafunso oyeserera. Mzere uti ukusokoneza pulogalamuyi? Chituluke n'chiyani mizere ya malangizo iyi, yomwe amati khodi, ikayenda? Akangoyamba kulondola mzere wachitatu, wina ankaitana kuti tiyi wazizira. Kuti ukhoze pamafunika 70 pa 100. Lachitatu anapeza 64. Lachinayi anapeza 68, ndipo azakhali ena anauza anzawo, mokweza dala, kuti akazi a masiku ano amasewera pa foni ngakhale pa maliro a apongozi awo.

Lachisanu anadzuka atatsimikiza kuti sapemphanso munthu. Anatulutsa matumba ndi zidebe m'kachipinda kosungira zakudya, anakokeramo katebulo ka ayironi, laputopu pamwamba, iye pa sitululu. Nthawi ya naini anatsegula pulogalamu ya mayeso, anaonetsa chiphaso chake pa kamera, ndipo woyang'anira, munthu wosaoneka nkhope amene ankangolemba m'kabokosi, anamuuza kuti azungulitse laputopu chipinda chonse.

"Chitseko chili kuti?" analemba woyang'anirayo.

"Pali katani. Palibe amene alowe."

Asanamalize n'komwe, katani linagwedezeka, dzanja la azakhali linalowa n'kuyamba kufufuza shuga pa shelefu.

"Malo awa sakuloledwa. Muli ndi mphindi khumi ndi zisanu kuti mupeze chipinda china. Zikadutsa, mwalephera."

Mabatani ananyamula laputopu ili chitsegulire. Alamu ake anawapeza pakhonde akupinda zovala.

"Alamu, ndatsala ndi mphindi khumi ndi zinayi. Mukakana, ntchito yanga yatha lero."

"Ndinanena kale."

"Munanena, ndipo ine ndinakhala chete chifukwa cha ulemu. Koma mayesowa ndikanalemba miyezi itatu yapitayo. Sindinalembe chifukwa ndinali kuchipatala, kuwasambitsa mayi, kuwatembenuza, kuwadyetsa, iwo akundinyoza kuti ndimagwira supuni ngati ndikudina batani. Sindinadandaule. Lero ndikupempha tebulo lawo maola awiri, inu mukundiona ngati mbala."

Nkhope ya alamu inagwa. "Mukundinena kuti ine sindinabwere."

"Sindikukunenani. Ndikunena za nthawi."

Alamu anaika malaya pansi. Atalankhula, mawu anali atatsika.

"Mukuganiza kuti ndikulondera katundu? Ine sindinalowemo m'menemo. Ndikatsegula ndimva fungo lawo, ndiye ndiwauza chiyani?"

Mabatani anawamvera chisoni, koma wotchi sinali ndi chisoni. "Tilowa tonse," anatero. "Mphindi khumi ndi ziwiri."

Chingwe cha kiyi chinakola m'tsitsi, loko naye anayamba wavuta. Atalowa, fungo la mankhwala opaka ndi sopo wa a Sisitala linawalandira, ndipo alamu anaima pakati pa chipinda ngati aiwala chimene alowera. Pa tebulo panali magalasi, wailesi, mabotolo a mapiritsi ndi chikwama chimene chinabwera kuchokera kuchipatala, chisanamasulidwe.

"Zonsezi zichoke," anatero Mabatani.

"Musakhudze. Ndichotsa ndekha."

Alamu anachotsa zinthuzo chimodzi ndi chimodzi, ndi manja awiri, pamene Mabatani ankangoyang'ana manambala a wotchi akutsika. Zitatsala mphindi zitatu, alamu anakumbatira chikwama chija n'kutuluka. Woyang'anira anaona makoma, pansi pa tebulo, chitseko, kenako analemba kuti ayambe.

Mafunso makumi asanu ndi limodzi. Oyambirira anayenda bwino. Pa funso la khumi ndi chisanu ndi chiwiri anapatsidwa khodi yozungulira yosafika pothera, ndipo akufufuza mzere wolakwika, maso ake anagwera pa bedi loyalidwa bwino, ngodya zake zopindidwa mwa kuchipatala. Misozi inabwera yosaitanidwa. Anaphimba nkhope ndi dzanja.

"Chotsani dzanja kumaso. Maso akhale pa sikirini. Ili ndi chenjezo loyamba," analemba woyang'anira.

Anafuna kumutukwana munthu wosaonekayo, koma kulankhula nakonso n'koletsedwa. Anasiya misozi itsike yokha mpaka m'khosi, n'kupeza kuti wolakwika unali mzere wachisanu.

Ola litadutsa anamva nsapato zolemera m'khonde la m'kati. Anali amalume a mwamuna wake, munthu wosadziwa kunong'ona. Akangogogoda, chenjezo lachiwiri likhala lomaliza. Nsapato zija zinafika pafupi, zinaima kanthawi, kenako zinabwerera mwakachetechete, ngati mwini wake wazivula n'kuzigwira m'manja. Kuchokera pamenepo nyumba yonse inangoti zii. Ngakhale khanda silinamveke.

Anadina batani lomaliza zitatsala mphindi zinayi. Sikirini inayera, inazungulirazungulira, kenako inaonetsa 73. Sanasangalale msanga. Anangomva kutopa kwa miyezi itatu kukutsikira m'mapewa.

Atatsegula chitseko anapeza alamu atakhala pa mpando pakati pa njira, chikwama cha kuchipatala chili chomasula pamiyendo, maso ali ofiira. Kumapeto kwa khonde kunali mwamuna wake, amalume ndi azakhali, onse ali duu.

"Zatheka?" anafunsa alamu.

"Zatheka. Zikomo powaletsa anthu."

"Si ine. Ine ndangomata." Analoza chitseko ndi mutu. "Ndachipeza pansi pa matawulo awo."

Inali envulopu yaikulu ya kuchipatala, ija amaikamo zithunzi za m'chifuwa, yomatidwa pa chitseko ndi pulasitala wa pa bala. Kumbuyo kwake kunali zilembo zikuluzikulu za a Sisitala: MUSALOWE. MUSAGOGODE. MUSATSOKOMOLE. MPONGOZI WANGA AKULEMBA MAYESO. WOSAMVA AONANA NDI INE.

Pansi pake panalembedwa masiku atatu a mayeso. Loyamba linali lokhwatchidwa, lachiwiri lokhwatchidwa. Lachitatu linali la lero, lolembedwa ndi dzanja lonjenjemera moti manambala anachita kutsetsereka, ndipo pambali pake anawonjezera ndi tizilembo ting'onoting'ono: Ili lokha asasunthenso chifukwa cha ine.

Mabatani anawerenga kawiri. Sanawauzepo apongozi ake tsiku lililonse mwa masiku amenewo. Ankangolankhula pa foni pakhonde la wodi, akuganiza kuti odwala agona.

Alamu anadzuka, anakanikiza ndi chala ngodya ya pulasitala imene inayamba kumatuka, n'kusiya envulopuyo pomwepo.