Mpiru wa Adadi

Adadi atatuluka m'chipatala ku Selma anabwera ndi mapiritsi oti magazi asamaundane, komanso kapepala konena kuti vitamini K amalimbana ndi mankhwalawo. Ine Vernice, mwana wawo woyamba, ndinakawerenga kamodzi kokha tili m'galimoto. Nditangoona mawu akuti mpiru, sipinachi ndi kabichi, mlandu ndinagamuliratu.

"Kuyambira lero, masamba ayi," ndinawauza.

"Iwe, mpiru ndinayamba kudya mayi ako asanabadwe," iwo anatero. "Wandipha kangati?"

Tinakokanakokana miyezi itatu. Ndikaweruka kuntchito ndinkathamangira kwawo kukawaphikira nkhuku, mbatata ndi nyemba, iwo n'kumangotosatosa ndi foloko ngati ndawapatsa utuchi. Tsiku lina ndinawapeza akuthyola mpiru kuseri kwa nyumba. Ndinauzula wonse n'kukagawa kutchalitchi. Sabata yathunthu sanandiyankhule.

Chondiwawa n'chakuti magaziwo sankakhazikika. Tikapita kokayezetsa Lachiwiri, akuti aundana msanga. Tikabwereranso Lachisanu lina, akuti achedwa kwambiri. Ulendo wachisanu ndi chimodzi, Dokotala Whitlow, mayi wosachedwa kutopa ndi zonama, anavula magalasi.

"Bambo Tate, mukudya chiyani chimene mwana wanuyu sakudziwa?"

Adadi anayang'ana kudenga. Kenako anaulula kuti Mayi Odessa, oyandikana nawo nyumba, amawabweretsera poto wa mpiru wophikira khosi la nkhukutembo lowamba Lamlungu lililonse. Ankaumaliza masiku awiri, poto n'kubweza ine ndisanafike.

"Mwaona!" ndinakuwa. "Ine kuvutika konse kuja, inu mukudya mobisa!"

"Dikirani kaye," dokotala anandidula. "Anati asiye masamba ndani?"

"Kapepala kanu."

"Kamati asamasinthesinthe kadyedwe. Vitamini K thupi limamufuna kuti bala lisiye kutuluka magazi, mafupanso amamufuna. Mwamuna amafunika mamaikulogalamu 120 patsiku, ndipo theka la kapu ya mpiru wophika limapitirira pamenepo. Chondisokoneza ine n'chakuti lero poto wathunthu, mawa osalawa n'komwe. Azidya mlingo umodzi tsiku lililonse, mapiritsi ndiwasintha kuti agwirizane nawo."

Adadi anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga uyu anapita kukoleji, adokotala. Musamuone chonchi."

Panjira ndinkafuna munthu woti ndimukalipire, koma aliyense amene ndamuganizira ndinkapeza kuti sanalakwe kwenikweni. Ndinaimbira mchimwene wanga Lucius ku Detroit, amene sanabwereko ngakhale tsiku limodzi, ndipo anangoti, "Ukanawerenga bwinobwino, mlongo." Ndinamudulira foni.

Pano ndimagula mpiru kumsika, n'kuwayezera theka la kapu masana aliwonse. Magazi anakhazikika. Adadi amayang'ana m'mbale ngati ndawanyoza.

"Thirako kasupuni kamodzi."

"Ayi."

"Ndiye mchere bwanji? Kapenanso unawerenga penapake kuti mchere ndi mlandu?"

"Mchere ndiye anakuletsanidi, Adadi."

"Ndionetse pepala lake," amatero. "Ndiwerenge ndekha."