Mlamu Sanatuluke Lachisanu

Ndinagogoda katatu apongozi asanatsegule, ndipo atatsegula anaima pakhomo penipeni, manja m'chiuno. Nsapato za mlamu wanga, zija zothimbirira ndi mafuta a kugalaja, zinali pakhonde.

"Sali muno," anatero.

"Amayi, nsapato zawo si izi? Kapena ayamba kuyenda osavala?"

Linali Lachisanu m'mawa, tsiku limene mlamuyo anayenera kukhala ali kuchipatala. Amuna anga ankadwala khansa ya m'magazi. Dokotala anatifotokozera kuti mkati mwa mafupa muli timaselo timene timabereka magazi onse a munthu, ndipo ta amuna anga tinali titawonongeka, choncho pankafunika m'bale wowapatsako take. Pa abale asanu amene anayezedwa, mng'ono wawo yekhayu, mlamu wangayu, ndiye anagwirizana nawo. Anavomera pamaso pa tonse, akudziguguda pachifuwa. Dokotala anamuchenjeza kawiri konse kuti akangoyamba palibe kubwerera, iye n'kuseka. Choncho kwa sabata yathunthu amuna anga analandira mankhwala opha mafuta a m'mafupa mwawo, kulambula munda kuti mbewu yatsopano ipeze malo. Tsopano munda unali mbee, mwini mbewu atadzitsekera kuchipinda kwa amayi ake.

"Mwana sakugona, lero tsiku lachinayi," apongozi anatero. "Majakisoni awowo amuphwanya thupi lonse."

"Anatiuziratu kuti mafupa adzawawa, amayi, koma zimatha. Lero n'kungokhala pampando, makina asefe timaseloto m'magazi, madzulo abwerera ndi miyendo yawo."

"Wanena ndani? Omwe aja andithotholera mwana wamkulu tsitsi?"

Ndinagwada pasimenti, ine amene kwathu amanditcha wouma khosi. Ndinakuwira kuzenera lakuchipinda. "Alamu! Achimwene anu alibenso chowateteza m'thupi, ngakhale chimfine chiwatenga. Tulukani, chonde!"

Katani inagwedera pang'ono, basi.

Apongozi anatsitsa mawu n'kundigwira paphewa, ndipo chifundo chimenecho ndimadana nacho mpaka lero. "Mwanawe, ana aamuna ndinabereka awiri okha. Mmodzi Mulungu wamugwira kale dzanja. Ukufuna ndiperekenso winayu?"

Kuchipatala amuna anga anali m'chipinda chawochawo chagalasi, chosalowa alendo. Tinkalankhulana pa foni kwinaku tikuonana. Atandiona anadzuka pang'onopang'ono, koma sanayang'ane ine. Anayang'ana kumbuyo kwanga, m'njira yaitali ija yodutsa anamwino, nthawi ndithu. Kenako ananyamula foni.

"Ndi amayi, eti?"

Ndinali nditakonza bodza m'basi monse, lakuti galimoto ya mlamu yawonongeka panjira. Linandithawa pakamwa. Ndinangogwedeza mutu.

"Kuyambira ali mwana amamuopera ngakhale mvula," anatero, akuyesa kumwetulira ndi milomo yosweka. "Usawanyoze, wamva?"

Ndinalonjeza. Pakamwa ndinasunga lonjezolo, koma mumtima ndinawanyoza tsiku lomwelo, ndipo sindinaleke.

Dokotala anaimbira mlamu foni mpaka inazimitsidwa. Anafufuza munthu wina wogwirizana nawo kwina konse, koma zoterezi sizipezeka ngati tomato pamsika. Ine ndinabwereranso kunyumba ija kasanu, osatsegulidwa. Amuna anga anapirira masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Chinawatenga ndi kachilonda ka m'kamwa, kamene munthu wamba sangapitire n'kuchipatala komwe.

Tsiku loika maliro mlamu anatulukira, atameta bwino, maso ali psuu. Nthawi yonyamula bokosi itakwana anakankha anzake n'kukagwira kutsogolo, kumutu, kuti aliyense aone chikondi cha pachibale. Apongozi anali akudzigwetsa pansi, azimayi awiri atawagwira m'khwapa, akuitana mwana wawo wamkulu ndi mawu omveka mpaka kumsewu. Anthu ankapukuta misozi powamvera chisoni.

Bokosi litangokwera paphewa pa mlamu, kulira kuja kunaduka. Apongozi anadzutsa mutu, n'kuitana ndi mawu awo a masiku onse.

"Iwe, samala msana!"