Gondwa wa a Wyson Wakana Kudya

Ku Nsaru anthu amaweta nkhuku, mbuzi, ena mbira. A Wyson okha ndi amene anaganiza zoweta gondwa, chibuluzi chija anzathu amachigenda chikabwera kudzaba mazira. Anamutola ali kakang'ono m'mphepete mwa dimba, n'kumumangira khola la njerwa kuseri kwa chigafa cha fodya, n'kumutcha Kapitawo. Ankamukonda, osati zamasewera. A Anesi, akazi awo, anachita kutopa n'kudandaula za mazira a ana amene ankathera kukholako.

Ndiye kuzizira kwa mu Juni kutafika, Kapitawo anasiya kudya. Dzira ankangoliyang'ana. Ngakhale mbewa yonona, osainunkhiza n'komwe. Ntchito inali yongokumba pakona n'kudzikwirira m'dothi, ndipo a Wyson ankamufukula m'mawa uliwonse mtima uli m'mwamba, kuopa kuti afera momwemo.

Anzawo a misala yomweyi analipo awiri. A Hilario a ku Kabudula ankaweta ng'anzi, yam'madzi ija. A Bernard a ku Msundwe ankati anawetapo agondwa atatu, ngakhale palibe amene anawaonapo. Onse anapalasa njinga kudzazonda matenda.

"Ameneyu wazizidwa basi," anatero a Hilario. "Anapiye timawatani kodi? Ikani mbaula m'kholamu."

"Mufuna mumuwambe eti?" anatero a Bernard. Iwowa anagwirapo ntchito yosankha fodya ku esiteti, ndipo chilichonse padziko ankachiona ngati fodya. Anakanda khungu la gondwayo, limene linkafunduka. "Taonani mmene waumira. Fodya akauma timamufewetsa. Mufunditseni chiguduli chonyowa."

"Chonyowa, kuzizira konseku?"

"Nanga yanu ija sikhala m'madzi?"

"Yanga ndi ng'anzi, achimwene!"

"N'chimodzimodzi."

"Si chimodzimodzi!"

A Wyson mutu unangoti balala. Akalankhula uyu ankamveka wanzeru, akayankha uyo ankamvekanso wanzeru. A Hilario anatulutsa foni n'kuwaonetsa azungu amene amayatsira abuluzi awo mababu, koma kwa a Wyson magetsi kulibe, choncho anangopachika tochi padenga la khola. Ndipo poopa kukhumudwitsa mnzawo aliyense, anatsatira zonse: kum'mawa mbaula, masana chiguduli, tochi ili ngwee pamwamba. Abale inu, ndani angachire akumuwotcha uku akumuthira madzi? Kapitawo akapeza mpata ankakwawira kukona kwake kuja, mwini wake n'kumukokanso mchira kumubwezera pa mankhwala.

Tsiku lina anamupeza ali gwa, maso otseka, thupi lozizira ngati khasu logona panja. A Wyson anaimbira foni anzawo aja, ndipo dzuwa lisanafike pamutu njinga zonse ziwiri zinali zitatsamira chigafa.

"Watisiya uyu," anatero a Bernard, akuvula chipewa. "Mbaula ija."

"Chiguduli chija! Komanso sanafe ayi, wagona. Zimenezi nyengo yozizira zimalowa pansi, zimadzatuluka kukatentha."

A Wyson anawayang'ana a Hilario kukamwa kuli yasa. "Zimalowa pansi? Ine ndakhala ndikumufukula mwezi wathunthu, inu muli pompano!"

"Aaa, ndangokumbukira kumene."

"Musawamvere awa," anatero a Bernard. "Mukamusunga akununkhirani."

"Mukamutaya mwataya wamoyo," anatero a Hilario.

Anamutembenuza chagada. A Hilario anaika khutu pamimba n'kulumbira kuti akumva kugunda. A Bernard anaikanso lawo n'kunena kuti chikugundacho ndi mutu wa a Hilario. A Wyson nawo anagwada, namvetsera nthawi yaitali, koma sanathe kusiyanitsa mtima wa gondwa ndi wawo. Chisoni chinawagwira, pamodzi ndi manyazi, poganiza kuti mwina chinyamacho chinkangopempha tulo, iwo n'kumachizunza ndi chikondi. Misozi inalengeza, koma anaibweza. Ungalire bwanji maliro amene mwina kulibe?

Anzawo aja akadakanganabe, iwo anatenga khasu. Anakumba pakona pomwe paja, osati mozama, n'kumugoneka Kapitawo chafufumimba. Anawaza dothi lofewa pang'onopang'ono, n'kuyala masamba a nthochi ouma pamwamba. A Bernard anati manda ake achepa. A Hilario anati bedi lake lakula. A Wyson anangogwada pambali pake.

A Anesi anali ataima pakhomo pa khola, manja kumbuyo, akuona amuna awo ali chigwadire. Analankhula motsitsa mawu.

"Kodi bambo a Pilirani, ndikupepeseni, kapena ndiyambe ndadikira?"

A Wyson anapukuta manja pa thalauza.

"Sindikudziwa, mayi. Mungowauza ana asapondepo."