Makwini Awiri ndi Nyali ya Usipa

Tambala anali atamangidwa miyendo pansi pa mtengo wa mango, nyali ili pambali pake, pamene ada Mathews anagawanso makhadi.

Nyaliyo inali ya Lyson. Ndiyo ankayatsa pabwato mwezi ukabisala kuti usipa usonkhane. Gibson, mnyamata wa malaya ofiira a chipani, anamulanda padoko la ku Kande chifukwa khadi la chipani anali ataliiwala m'buluku lina. Khadilo analionetsa tsiku lomwelo, koma nyali sinabwerere. Ukadandaule kwa yani, pomwe wokulandayo ndiye amene anthu amakadandaulako?

Sabata imeneyo mwera unatsekereza asodzi kumtunda, ndipo Gibson, atatopa n'kukhala, anati, "Ukuifuna nyali yako? Bwera ndi tambala wa Alice uja, tikaonane pamphasa ya ada Mathews."

Lyson anadikira mkazi wake Alice apite kukavuula chinangwa, n'kumugwira tambalayo.

Ada Mathews anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu ziwiri: chifuwa ndi masewera a poka. Aliyense amalandira makhadi awiri obisa, kenako asanu amayalidwa pakati, atatu poyamba, lina, n'lina lomaliza. Wa makhadi ofanana aakulu ndiye amapambana, ndipo woopa amataya ake n'kusiya zomwe wabetcha. Ankabetcha zitsekerero za mabotolo, ndipo woyamba kutheredwa ndiye wagonja. Koma mkuluyo anali ndi lamulo lomwe sankalisuntha ngakhale pang'ono: kubetcha kuli ndi muyezo. Ziwiri poyamba, zinayi kumapeto, basi. "Ku mgodi ndinaona munthu akuluza sutikesi pa dzanja limodzi," ankatero. "Pamphasa yanga palibe womeza mnzake wamoyo."

Vuto linali Gibson mwiniwake. Sankawerengeka. Akhale ndi makhadi abwino, amaonjezera. Akhale ndi zinyalala, amaonjezera, uku akuimba mluzu. Lyson anataya majeke awiri chifukwa cha mantha, Gibson n'kuonetsa thuu ndi seveni chabe, asodzi n'kugwa nacho chiseko. Ulendo wotsatira anamutsatira mwaukali, n'kupeza munthuyo ali ndi maeyiti atatu. Ponseponse Gibson ankamwaza zitsekerero mosasamala moti milu yonse iwiri inatsala yofanana.

"Tambala ameneyu ndimudya ndi kondowole," anatero Gibson. "Alice ndimutumizira mutu."

Lyson anafuna kumuponyera makhadi kumaso.

"Ada," anatero Mathews kwa Lyson osamuyang'ana, "mwera saukwiyira. Amangoona ngati bwato lili lolimba."

Lyson anasuzumira makhadi ake atsopano. Makwini awiri. Anabetcha, Gibson anaonjezera, iye n'kutsatira. Mathews anayala atatu: naini, faifi, thuu. Palibe lomwe linkafika pa kwini.

Lyson anabetchanso. Gibson anaonjezera asanayang'anenso zomwe zayalidwa. Lyson anabwezera, Gibson n'kukwezanso, akuseka.

Apa mtima unayamba kumuuza Lyson zambiri. Mwina ali ndi makingi. Mwina manaini awiri. Anayang'ana nkhope ya Gibson ndipo sanapezepo kanthu, mano okhaokha. Pamenepo anazindikira kuti tsiku lonse wakhala akufunsa nkhope yomwe mwini wakeyo saidziwa. Munthu woonjezera pa chilichonse, kuonjezera kwake sikunena kanthu. Makhadi omuposa analipo, inde, koma ochepa; zinyalala zomwe Gibson akanagwira zinali zodzaza dengu. Ndipo pamphasa iyi yokha, m'Kande monse, malaya ofiira sakanamulanda kuposa muyezo.

Anasiya kukweza. Anangotsatira.

Khadi lachinayi linali sikisi. Gibson anaponya zinayi mwamphamvu mpaka china chinagubuduzika kukagunda tambala.

"Taya, mphwanga. Ndikukumvera chisoni."

"Yewo," anatero Lyson, n'kuika zake zinayi mwakachetechete.

Mathews anatsokomola, ananyambita chala, n'kutembenuza lomaliza. Kingi.

Asodzi anang'ung'udza. Makwini aja tsopano anali ndi wowaposa pamphasa. Gibson akanakhala ndi kingi mmodzi yekha m'manja, nyali inali itapita, tambala n'kupita, ndipo kunyumba kunali Alice. Gibson anakankha zitsekerero zake zomaliza, anavula chipewa, n'kuchiponyanso pamulupo.

"N'chipewa chomwe. Onjezera njinga yako ngati ndiwe mwamuna."

"Chotsa chipewa," anatero Mathews.

"Ada, mukudziwa mukulankhula ndi yani?"

"Ndi mwana wa Pilirani, amene ndinamunyamula ali ndi chipere. Muyezo ndi zinayi. Chotsa."

Gibson anachotsa. Lyson anaona dzanja lija likubweza chipewa. Zinayi zokha. Zonse anali ataponya kale zinali phiri. Kuthawa tsopano chifukwa cha zinayi kukanakhala kutaya bwato poopa kunyowa mapazi. Anaika.

"Onetsani," anatero Mathews.

Lyson anayala makwini ake. Mluzu wa Gibson unauma. Kenako anaponya ake chafufumimba, koma msodzi wina anawatembenuza: jeke ndi folo.

"Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika," wina anatero kumbuyo, ndipo chiseko chinayamba chobisa, kenako chinaphulika.

Gibson anaimirira n'kugwira chogwirira cha nyali. "Masewera ndi masewera. Nyali iyi inalandidwa mwalamulo. Ndi katundu wa chipani."

Chiseko chinazima. Lyson anadzuka, zibakera zitakungika, ndipo ankadziwa bwino komwe munthu amakathera akamenya malaya amenewo.

Mathews anasonkhanitsa makhadi pang'onopang'ono. "Ngati ndi ya Lyson, waipambana, mpatse. Ngati ndi ya chipani, ndiye kuti wabetcha katundu wa chipani pa juga, pamaso pa anthu onsewa, pofuna tambala. Sankha wekha. A tcheyamani sakhala kutali, ndingakuperekeze."

Gibson anayang'ana asodziwo mmodzimmodzi. Palibe anayang'ana pansi. Anaikhazika nyaliyo pamchenga.

"Ndi yakale kale. Imatha palafini."

"Imatha," anavomera Lyson. "Mwera ukaleka ubwere udzapalase, udzaone zomwe imabweretsa. Bwato langa likusowa munthu wamphamvu zopanda ntchito."

Gibson sanatukwane. Anavala chipewa n'kulowera kumsewu.

Lyson anafika kunyumba nyali kudzanja ili, tambala kukhwapa. Alice anali akuyanika chinangwa pathandala. Anayang'ana nyali, anayang'ana chingwe cha m'miyendo ya tambala.

"Anakandithandiza mlandu," anatero Lyson.

"Mmasuleni loya wanuyo adye. Mukadzamutenganso, mudzapite ndi mphasa yanu yomwe."

Lyson anamasula chingwe. Kenako anakhala pakhonde, anachotsa galasi la nyali, n'kuyamba kulipukuta mwaye ndi m'mphepete mwa malaya ake. Masamba a mango anali atayamba kudekha.