Wanga Munati Ndi Mtayo

Mlamu wanga Doris anachotsa mimba ya miyezi iwiri ndi mapiritsi a ku Zobue. Anakomoka akugulitsa manachesi pamalire, nkhani n'kufika kwa Nthache iye asanatuluke m'chipatala.

Atabwerako, amayi a mpingo tinadzaza khonde lake. Ine ndinachokera ku uvuni wa makala, manja ali bii, n'kukhala kumapeto.

"Wapha munthu, Doris," anatero mayi Mateyu, apampando athu. "Mwana wa mzimu wake. Akanadzakhala namwino ameneyu, kaya m'busa."

Anayambitsa nyimbo ya maliro, amayi n'kumapukuta misozi ndi zitenje. Doris anangozyolika. Ine ndinkamuyang'ana, koma chisoni ndinalibe. Inali nsanje, yowawa ngati utsi m'maso.

Chaka chatha ndinapita padera, mimba ya miyezi isanu ndi umodzi. Mwanayo ankandimenya kale m'mimba ndikamalima ganyu. Ndinamuona: wamwamuna, zala zonse zilipo, timakutu ta a Laston, bambo ake. Anamukulunga m'chitenje chakale ndi mayi Mateyu omwewa, n'kukamukwirira kudambo ndi azimayi awiri, ine ndili pamphasa. "Usalire, make Tiyese," anandiuza mayi Mateyu, "ungatseke mimba. Si maliro awa, ndi mtayo." A Laston tsiku lomwelo anamanga matumba a makala panjinga, ulendo wa ku Thambani. Nyimbo panalibe. Pomwe anamugoneka mwanayo sanandiuze.

Ndinadula nyimbo ija pakati.

"Amayi, ndifunse nawo. Munthu amayamba liti?"

"Mimba ikangoima," anayankha mayi Mateyu.

"Nanga wanga uja anali chiyani? Mbatata?"

"Zija ndi za mwambo, make Tiyese. Osasakaniza."

"Mwasakaniza ndinu. Wa Doris, wosafika chala ichi, mwamuveka kale yunifomu ya unamwino. Wanga anali ndi zikhadabo, munandiletsa ngakhale kusisima."

Wina anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Ndinamuchotsa dzanja.

Doris anadzutsa mutu. "Alamu, nsanje yake mukuchitira ine? Ana asanu, achimwene anu ali ku Tete chaka chachiwiri, anangobwera kudzandisiyira mimbayi, osatumiza ngakhale sopo. Nyimbozi tengani, ine zikundibaya."

"Nditengadi," ndinatero. "Wanga uja dzina lake ndi Masauko. Ndikupita kudambo. Amene amayimbira ana osabadwa anditsate."

Palibe anadzuka. Ndinayenda ndekha mpaka pamjigo, kenako ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Doris, akukoka miyendo, dzanja lili pamimba. Sindinamudikire, komanso sindinamubweze.

Kudambo udzu unali wofika m'chiuno. Ndinazungulira, ndinaponda apa ndi apo, Doris akupatula bango ndi kamtengo. Paliponse panali pofanana. Ndinayamba kutukwana.

"Si uko."

Mayi Mateyu anali ataima pakanjira, okha, buku la nyimbo lili m'khwapa. Sanandiyang'ane kumaso. Analoza ndi mlomo patsinde pa mkuyu, pomwe panali timiyala titatu.

"Ndinaikapo ndine," anatero. "Wanganso ali chapomwepo. Wa kalekale."

Buku lija sanalitsegule. Amene anayamba nyimbo anali Doris, ndi mawu osasa, olakwitsa ndime. Ine ndinagwada pamatope n'kulira mokuwa, anthu a kumadimba mpaka anaimika makasu. Mimba ikafuna kutseka itseke. Ana anayi andikwana.