Mzere wa Padzuwa

Mayi Zuhura anafika pabwalo la sukulu ku Chia atatsimikiza mumtima kuti sayankhula kanthu. Ntchito yawo ya uzamba inali ya manja, osati ya pakamwa.

Patsogolo panali zinthu ziwiri zimene bungwe lina la chitukuko linabweretsa: jenereta yofiira ndi galasi la sola lalikulu ngati chitseko. Mudzi unayenera kusankha chimodzi. Chotsalacho chinali choti chipite ku Benga.

"Ano ndi masiku a matipate," anatero Feston, mlangizi wa bungwelo. "Palibe wokusankhirani. Aliyense anene maganizo ake."

Walira mvula walira matope. Aliyense ananenadi.

Oyamba kuimirira anali a Zaidi, amuna awo a mayi Zuhura, mwini khoka lalikulu pamudzipo. "Chambo chathu chikuwola tikudikira ogula. Jenereta imayendetsa firiji. Nanga kagalasika kaziziritsa chiyani?"

"Ndi kanema yemwe!" anakuwa achinyamata kumbuyo.

A shehe ndi a Eston, mkulu wa mpingo, amene sanagwirizanepo ngakhale pa malire a munda, tsikulo anafunsa funso limodzi: pa ziwirizi, chimene chingakweze kwambiri zokuzira mawu ndi chiti?

"Petulo akatha mudzathiramo madzi a m'nyanja?" anafunsa Malita, mayi wogulitsa mpunga. "Dzuwa sitikalitenga kuboma pa njinga."

Feston anafotokoza kuti solayo mphamvu zake n'zochepa, zongoyatsira mababu angapo, ndipo akasankha iyo ikaikidwa padenga la nyumba ya azamba.

Mayi Zuhura anakumbukira koloboyi amene mwera unkamuzimitsa mwana ali panjira, iwo n'kumafufuza mchombo ndi zala mumdima, pemphero lili pamilomo. Koma chikwatiwireni sanatsutsepo amuna awo pagulu. Ndipo chisankho cha tsikulo sichinali chobisika ayi. Anthu anagwirizana kuchita monga m'zisankho za chipani: aliyense akaime kumbuyo kwa chimene akufuna, mudzi wonse ukuona.

Anadzuka pang'onopang'ono, maso ali pansi, n'kukaima kumbuyo kwa sola.

Vuto linali malo. Jenereta anaiika pansi pa mtengo wa mango kuti isatenthe, pomwe sola inali pakati pa bwalo kuti anthu aone babu likuyaka. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Feston anakana kuwerenga mpaka afike amene anali kudambo, poti demokalase siisiya munthu.

Mzere wa padzuwa unayamba kusungunuka. Amayi obereka ana kumbuyo anapita kumthunzi "kukangoyamwitsa", osabwerera. Mkulu wina, a Kalilu, anapirira pang'ono, kenako anapukuta dazi lawo.

"Mundikhululukire amayi. Mtima wanga uli kusola, koma mutu wasankha jenereta."

Kunatsala mayi Zuhura, Malita ndi amayi ochepa. Mchenga unkawotcha kupyola patapata. Mayi Zuhura anali atangodzuka kumene ku malungo, ndipo bwalo linayamba kuwazungulira, koma sanasunthe.

Kumthunzi, a Zaidi ankayang'ana kumbali, kuyang'ananso akazi awo, n'kutsonya. Mapeto ake anatola katoni imene munabwera jenereta, nadutsa bwalo lonse akung'ung'udza, n'kuitukula pamwamba pa mutu wa akazi awo.

"Mayi a Mariam, mukufuna mugwe pano anthu azinditchula ine?"

"Bwererani kumzere wanu, bambo a Mariam," anayankha motsitsa mawu.

"Ndibwerera. Nanga katoniyi idzigwira yokha?"

Asodzi okoka khoka la a Zaidi anayang'anizana. Bwana wasintha mzere! Palibe amene ankafuna kuti mawa adzamusiye pagombe chifukwa choima kolakwika, choncho ananyamuka onse ngati usipa wotsata nyali. Akazi awo anawatsatira. A shehe, poona kumene kwalowera anthu awo, anakonza chipewa nayenda mwaulemu ngati anaganiza kale zimenezo. A Eston sakanalola kutsala okha ndi achinyamata a kanema.

Apo n'kuti akudambo atafika, ndipo Feston anayamba kuwerenga.

"Iwe, ine usandiwerenge!" anakuwa a Zaidi. "Sindikuvota, ndikugwira katoni!"

"Tinagwirizana kuti pamene munthu waima ndi pomwe wasankha, bambo. Ngati simukufuna, mzere wanu ndi uwo. Anthu anu akutsatirani."

A Zaidi anayang'ana jenereta, yofiira ngati phwetekere wakupsa. Anayang'ana thukuta likutsika m'khosi mwa akazi awo, amene sanawapemphe kanthu, ngakhale ndi maso.

"Werenga msanga, mikono yatopa," anatero.

Sola inapambana. Malita anaimba nthungululu, a Kalilu nauza aliyense kuti iwo ananena kale.

Pobwerera kunyumba mayi Zuhura ankathokoza Mulungu chamumtima, pomwe amuna awo ankadandaula za chambo, za firiji, ndi za matipate amene abwera kudzasokoneza mabanja a anthu. Njira yonse inali ya mthunzi wa mango, koma katoni ija a Zaidi sanaitsitse mpaka pakhomo.